Mmene ndinawatsatira agogo kunkhondo ndi chithunzi chimodzi komanso kachitini

Poyamba ndinali ndi chithunzi chimodzi basi, chakale chija chopanda makala, chodyeka pakona, agogo aamuna ataima chilili mu yunifolomu chipewa chopinda mbali imodzi. Pabanja aliyense ankangoti "anapita kunkhondo ya Keyala", ukafunsa kuti anakafika kuti kapena chaka chanji anthu zii.

Ndiye ine kuthamangira pa Google kulemba dzina lawo, masabata atatu ndikungozungulira. Ndinalowanso pa webusayiti ya Commonwealth War Graves Commission ndili ndi chikhulupiliro chonse, pali maina pafupifupi 1.7 miliyoni paja ndiye ndimati awa sangasowepo. Sindinawapeze. Ndinadzazindikira mochedwa kuti pamenepaja amalembapo okhawo amene anamwalira pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu zija, agogo anga anabwerako ndi moyo mpaka kubereka ana, ndiye ndimawafuna pakati pa akufa bwanji kkkk.

Chomwe ndinayenera kuyambira ndi kwa azakhali, ndiwo wamkulu amene atsala. Ndinapita, foni ndinaiika pa rekodi nditapempha kaye. Ndinati "Azakhali, kodi agogo sanasiyeko kapepala kalikonse ka kuusilikali?" Iwo anangoti "Iwe mwana wa achimwene, zakalekalezi ukufuna utani nazo?" koma analowa kuchipinda, anatenga nthawi ndithu, nkutuluka ndi kachitini kadzimbiri. Munali mamendulo atatu ndi pepala lowatulutsira usilikali nkhondo itatha, lopindidwa kanayi, mopindamo mutayamba kung'ambika moti ndinachita kulitambasula pang'onopang'ono patebulo ndi manja owuma.

Papepala paja ndi pomwe ndinaona chifukwa chake ndimavutika. Dzina linalembedwa mosiyana ndi mmene timalilembera ife, kalaliki amene ankalemba anthu usilikali analemba mmene khutu lake linamvera, ndipo m'malo mwa dzina la banja anaika dzina loyamba la bambo awo. Koma pamwamba panali nambala yawo ya usilikali ndi batalioni (gulu la asilikali) yawo ya King's African Rifles, Keyala ija. Nambala imeneyo ndiye chilichonse abale, dzina limatha kulembedwa mitundu itatu komanso anthu ofanana maina m'gulu limodzi amakhalapo ambiri, pomwe nambala ndi ya munthu mmodzi. Ndinailemba m'kope, mufoni, ndikuitumiziranso pa imelo yanga.

Mamendulo aja ndinawatembenuza uku ndi uku kufuna dzina, palibe. Kumeneko sikuti ndi abodza ayi, mamendulo ambiri a Britain a nkhondo yachiwiri ankaperekedwa opanda dzina. A nkhondo yoyamba ya 1914 mpaka 1918 ndi amene anadindidwa dzina, nambala ndi gulu la msilikali m'mphepete kapena kumbuyo, ndiye ngati anu ali a nthawi imeneyo mwachita mwayi, tengani galasi lokuzira muwerenge. Kungoti mafailo ambiri a asilikali a Britain a nkhondo yoyambayo anapsa mu 1940 bomba litagwera nyumba yomwe ankasungidwamo ku London, ndiye nthawi zina mendulo ndi yokhayo yotsala. Mwa atatu anga aja imodzi inali nyenyezi ya nsonga 6, kansalu kake kofiira pakati, m'mbali buluu woderapo ndi olenji. Imeneyo ndi Burma Star, yopatsidwa amene anagwira ntchito ku Burma pakati pa December 1941 ndi September 1945. Ndinakhala kaye phee, agogo omwe aja mpaka ku Asia?

Kenako ndinabwerera ku chithunzi. Ndinachisikana pa 600 dpi (mulingo woti tizinthu ting'onoting'ono tioneke ukachikuza), kutsogolo ndi kumbuyo komwe, osangojambula ndi foni chifukwa foni imabweretsa kuwala pamwamba. Nditachikuza pa kompyuta ndinaona mizere iwiri pamkono, kutanthauza kuti anali kopolo, itatu ndi sajeni. Kumbuyo kunali chaka cha 1945 cholembedwa ndi pensulo chofufutika theka. Msuweni wanga ankati tikachimate pulasitiki kuti chisaonongeke, ndinakana, kutentha kwa makina aja kumaononga ndipo ukamata sumatulanso. Zopaka makala ndi ma app zija pangani pa kope, choyambiriracho musachikhudze, komanso mudziwe kuti mitundu imene imatuluka ndi yongopeka.

Gawo lovuta linali buku la zochitika za batalioni, lomwe ofisala ankalemba tsiku ndi tsiku. Mabuku ambiri otere ali ku The National Archives, nyumba yosungira zikalata zakale za boma la Britain ku Kew, London, a kumbali ya Burma ali m'gulu la mafailo lotchedwa WO 172. Ndinasaka dzina la batalioni mu katalogi yawo ya pa intaneti, ndinapeza nambala ya faili, mnzanga amene amakhala kumeneko anakandijambulira masamba onse. Musayembekeze kuona dzina la agogo anu mmenemo. Maofisala amatchulidwa, asilikali wamba amangowerengedwa, ovulala angapo, odwala malungo angapo, basi. Ndinakhumudwa tsiku loyamba, sindinama. Koma nditawerenga bwinobwino ndinayamba kuona ulendo wonse, gulu lawo linali pansi pa 11th East Africa Division yomwe inapita kaye ku Ceylon mu 1943, kenako mu 1944 kutsika chigwa cha Kabaw ku Burma nthawi ya mvula yamphamvu, matope, udzudzu, katundu kuchita kuponyedwa ndi ndege, mpaka kukafika ku mtsinje wa Chindwin chakumapeto kwa chakacho. Ndinatsegula mapu ndikumaika kadontho pa dzina lililonse la malo.

Chilichonse ndinachilemba mu faili imodzi, ndikuonetsa kuti ichi chachokera papepala, ichi pa mendulo, ichi anena ndi azakhali, kuti za m'kamwa zisasakanikirane ndi zolembedwa.

Nditabwerera kukawaonetsa mapu aja ndinafika pa Ceylon, ndikufotokoza kuti lero ndi Sri Lanka. Azakhali anandigwira dzanja. "Wati chani? Siloni? Bambo ankatchulatchula Siloni ameneyo akakhala pansi madzulo, ife tonse timayesa ndi mnzawo wa kunkhondo."