Munthu amene anakataya zojambula zake kudzala

Usiku wathawu tulo tinandithawa, ndiye ndinangokhalira kuyang'ana zojambula za David Park, wojambula wa ku America, pafoni. Abale inu, bambo ameneyu anali wolimba mtima! Mu 1949 analonga m'galimoto zojambula zake za abstract, zija za utoto wokhawokha zopanda nkhope ya munthu, n'kukazitaya kudzala ku Berkeley, California. Masiku amenewo ku America ofuna kutchuka ankalondola mapazi a Jackson Pollock ndi Clyfford Still, akatswiri a zojambula za abstract. Kujambula munthu ankakuyesa zachikale.

Park anabwerera kojambula anthu basi. Takaonani chojambula chake cha Kids on Bikes cha 1950: mnyamata ali pafupi zedi moti ungamugwire paphewa, mahandulo a njinga akhotera patsogolo pake, mnzake akupalasa chauko. Anzake ena a Park ankati wachita mantha, wabwerera m'mbuyo. Koma posakhalitsa wojambula mnzake Elmer Bischoff anamutsatira, kenako Richard Diebenkorn mu 1955.

Chandigwira mtima ine ndi kapakidwe kake. Utoto ankaumata mokhuthala ngati phala, nkhope n'kungoilemba ndi mizere itatu kapena inayi, koma ukayang'ana umaona kuti uyu ndi munthu, watopa, akuganiza zake.

Khansa inamutenga Park mu 1960, ali ndi zaka 49 zokha.