Pulinta imeneyi imamva chilankhulo chanji?

Sabata yatha, pa maphunziro athu okonza makompyuta, tinapatsidwa pulinta imodzi ndi makompyuta atatu: ya Windows, ya macOS ndi ya Ubuntu (mtundu wina wa Linux). Ntchito inali yoti tsamba lomwelo lituluke kuchokera pa kompyuta iliyonse. Ya Windows sinavute. Pa enawo pulinta inkaoneka ndithu, kanyali kake kankaphethira, koma pepala osatuluka. Ndinasintha chingwe cha USB kawiri, ndikuganiza kuti vuto ndi chingwecho.

Vuto linali m'kati mwa pulintayo. Inali ya mtundu umene amati GDI kapena host-based. Pulinta yotere simatha kuwerenga tsamba payokha. Ntchito yonse yosandutsa zilembo ndi zithunzi kukhala timadontho imachitikira m'kompyuta, kudzera mu driver, pulogalamu yolumikiza kompyuta ndi pulinta, amene kampani yake inalemba, ndipo pulinta imangolandira timadonthoto. Kampaniyo ikalembera Windows yokha, basi, ena nonse mwatsala. Chimene chinandipweteka n'chakuti makinawo anali abwinobwino, palibe chinathyoka, koma pa makompyuta awiri aja anali opanda ntchito.

Kale ndinkafunsa kuti, "Kodi ili ndi driver wa kompyuta yanga?" Tsopano ndaona kuti funso limenelo ndi la lero lokha. Driver amakalamba. Apple itatulutsa macOS Catalina mu 2019 inasiya kuyendetsa mapulogalamu a 32-bit, ndipo zida zimene mapulogalamu ake sanakonzedwenso zinatsalira pomwepo. Funso lolimba ndi lakuti pulintayo imamva chilankhulo chanji. PostScript ya Adobe ndi PCL ya HP zinayamba m'ma 1980, ndipo pulinta yomva chimodzi mwa zimenezi nthawi zambiri imasindikiza ngakhale ndi driver wamba, wosakhala wa kampani yake.

Gawo limene ndinakhalitsapo ndi la CUPS, pulogalamu yoyendetsa ntchito zosindikiza. Sindinkadziwa kuti Linux ndi macOS zimasindikiza kudzera m'pulogalamu yochokera pa muzu umodzi. Michael Sweet anaitulutsa mu 1999, Apple inayamba kuigwiritsa ntchito mu 2002, kenako inaigula mu 2007. Masiku ano ya Linux imasamalidwa ndi gulu la OpenPrinting. Mukalemba localhost:631 mu browser ya pa Ubuntu, mumaona mzere wa ntchito zodikira ndi chifukwa chimene iliyonse yaimira. Nambala 631 ndi khomo la IPP, njira imene kompyuta imafunsira pulinta kuti: uli ndi mapepala aakulu bwanji, umasindikiza mbali zonse ziwiri, umalandira mafayilo otani? Pulinta imayankha yokha, ndiye driver wapadera safunikanso. Njira zosindikizira popanda driver, monga AirPrint ya Apple ya mu 2010, IPP Everywhere ndi Mopria, zonse zaima pa maziko amenewa. Nayo Microsoft inalengeza mu 2023 kuti isiya pang'onopang'ono kufalitsa ma driver a makampani a mapulinta kudzera pa Windows Update, n'kudalira IPP yomweyi. Tsiku lachiwiri anatibweretsera pulinta yolembedwa AirPrint pa bokosi lake. Makompyuta onse atatu anaipeza okha pa netiweki, ndipo sindinaike kalikonse.

Chenjezo limodzi: makina ophatikiza pulinta ndi sikana ndi zida ziwiri m'bokosi limodzi. Kusindikiza kukatheka sindiye kuti sikana igwiranso. Pa Linux sikana imadalira pulogalamu ya SANE, ndipo yomva chilankhulo cha masikana chotchedwa eSCL ndi imene imagwira popanda driver wake. Izi ziyenera kufufuzidwa padera.

Phunziro lomweli linafikanso pa tizida ta Wi-Fi tolowetsa pa USB. Dzina la pa bokosi silinena zambiri, chifukwa kampani ikhoza kusintha chip cha m'kati koma dzina n'kukhala lomwelo, n'kungowonjezera kanambala ka version m'munsi. Pa Linux, lamulo la lsusb limaonetsa manambala awiri, ya wopanga ndi ya chida chenichenicho. Amenewo ndiwo oyenera kufufuza.

M'kope langa ndatsegula tsamba latsopano. Chida chilichonse chimene tikugwira m'kalasi ndikumalemba chilankhulo kapena chip chake, dzina la kampani pambuyo. Sabata yamawa ndikufuna kuyesa ipp-usb, pulogalamu yodutsitsa IPP pa chingwe cha USB, ndione ngati pulinta yachiwiri ija ingasindikize pa chingwe chokha, netiweki itazimitsidwa.