Khirisimasi isatidutse tili pamoto ndi kumsika

Abale anga mwa Ambuye, Disembala wafika ndi piringupiringu wake. Kumunda kukufunika kupalira ndi kuthira feteleza, ana atsekera sukulu ndipo akufunsa za zovala zatsopano, mabasi opita kumudzi akuchoka ku Wenela atadzaza. Zonsezi n'zofunika, sindikukana. Chimene chikundipweteka mtima n'chakuti pa 25 Disembala azimayi ambiri sapita kutchalitchi chifukwa mpunga ndi nkhuku zili pamoto, pamene abambo ena alawirira kumowa. Mwini tsikulo ndiye amene timamusowetsa malo.

Tawerengani Luka 10:38-42. Marita sanalakwe kuphikira mlendo, komatu Yesu anayamikira Mariya amene anakhala pamapazi pake kumvetsera mawu.

Kunyumba kwathu tagwirizana motere: madzulo tikatha kudya, mafoni pansi, ana akusinthana kuwerenga Luka 1 ndi 2 pang'onopang'ono, kenako pemphero. Nkhuku tidzaipha ndi kuikazinga pa 24, kuti m'mawa wa Khirisimasi tonse tidzapite kukapembedza, mayi a ana nawonso asadzatsale kukhitchini. Mbale imodzi ya mpunga ndi ndiwo idzapita kwa agogo amasiye oyandikana nafe.

Nanga inu kwanuko mwakonza zotani?