Khoma lochedwetsa dzuwa

Mtima wanga wakhala pansi tsopano. Miyezi itatu yathunthu ndakhala ndikulimbana ndi nkhani ya thermal mass, kutanthauza mmene khoma lochindikala limasungira kutentha, ndipo yalowa m'mutu Loweruka lapitali, ndili pakhonde la aneba athu ku Mufakose, mu Harare muno.

Anzanga za Eastgate, chinyumba cha maofesi ndi mashopu m'tauni ya Harare chimene chimadziziziritsa chokha, mukuzidziwa kale: pulani yake anajambula ndi Mick Pearce motengera chulu cha chiswe, chinatsegulidwa mu 1996, ndipo chili ndi machumuni a njerwa padenga. Ine ndinkaziloweza ngati vesi la ku Sande sukulu, koma funso limodzi linkandisowetsa tulo: nanga kutenthako kumapita kuti? Ndinkaganiza kuti konkire imakumeza n'kutheratu. Aphunzitsi ndikawafunsa amangodzaza bolodi ndi masamu, kenako n'kufufuta ndisanamalize kukopera.

Ndiye tsikulo anebawo ankaimba mbira ndi mphwawo. Agogo aamuna, omwe anachoka ku Dedza ali mnyamata, anakhala pampando wawo n'kumati, "Kwathu timati sansi iyi." Sanama, pakuti ngakhale UNESCO mu 2020 inalemba lusoli m'dzina la Malawi ndi Zimbabwe limodzi. Ine maso anali pa zala. Wamkulu akuyambitsa, chimene Ashona amati kushaura. Wamng'ono akutsatira, kutsinhira. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti pa nyimbo imeneyo wamng'onoyo sankaimba zachilendo ayi. Ankaimba zomwezo, kungoti mochedwa pang'ono, mawu ake n'kumagwera m'mipata imene mkulu wake wasiya.

Nthawi yomweyo msana wanga unali utatsamira khoma. Dzuwa linali litalowa kalekale, kamphepo kakuzizira, koma khomalo likufunda ngati mwana wobereka kumbuyo. Basi, ndi zimenezo! Khoma lochindikala silichotsa kutentha, limangokuchedwetsa. Dzuwa liyambitsa masana, khoma liyankha madzulo, nthawi imene kunja kwazizira. Ku Eastgate mafani amakoka mpweya wa usiku n'kuupititsa m'mphako za pansi pa maofesi, kutsuka kutentha kwa tsikulo, ndipo m'mawa konkire imadzuka yozizira, yokonzeka kulandiranso. Zimatheka chifukwa Harare ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,500, ndipo usiku wake umazizira ngakhale masana kuwotche chotani. Kuchedwetsa. Mawu amodzi okhawo ndinawasowa miyezi itatu.

Panopa sindikufunanso kumva za njira ina yophunzirira. Gwira ndi dzanja, mvera ndi khutu, masamu abwere pambuyo. Ndikukhulupirira kuti kalasi lathu lonse atalitengera pakhoma la njerwa nthawi ya 7 koloko madzulo, palibe ndi mmodzi yemwe angalephere. Chimandiwawa n'choti palibe mphunzitsi anatitulutsapo panja. Nyumba yomwe timaiwerenga m'mabuku ili m'tauni momwemuno, timaidutsa tikatsika kombi, koma timaiphunzira ngati ili ku London. Nthawinso ndi mdani: kuchoka m'kalasi, kudikira kombi, kufika kunyumba magetsi atazima, mabuku n'kuwerengera pa tochi ya foni.

Zandisinthiranso pulojekiti yanga ya chaka chino. Ndinkafuna kupanga chithunzi cha pakompyuta chosintha mitundu munthu akayandikira, koma tsopano chikundionekera chopanda moyo. Ndikufuna kuumba kakhoma ka dothi, n'kukhomerapo zitsekerero za mabotolo zonga zija zimanjenjemera pa chikho cha mbira. Moffat Takadiwa, waluso wa ku Mbare, anationetsa kale kuti zitsekerero ndi mabatani a makiyibodi otayidwa n'zipangizo zenizeni za luso. Munthu akaika chikhatho pakhomapo, kachipangizo ka Arduino, kakompyuta kakang'ono kolumikizidwa ku sensa, kamve kufunda kwake, koma kasayankhe pompo. Kadikire. Atachoka, mwina wina atafika kale, zitsekerero ziyambe kulira. Wobwera pambuyo azimva dzanja la amene anam'tsogolera.

Nditawafotokozera agogo anangoti, "Mdzukulu wanga, nyumba ya amayi anga inali yadothi, ya udzu, sitinkadziwa thukuta. Malata ndi amene anatipusitsa." Ndinasowa chowayankha.

Komabe ndili ndi nkhawa. Anthu a masiku ano akagwira chinthu amafuna chiyankhe nthawi yomweyo, ngati foni. Kodi adzaima n'kudikira, kapena adzangoti chawonongeka n'kumapita? Ndipo kuchedwako kukhale masekondi angati? Ndayesa 5, ndayesa 20, zonse sizikundikhutiritsa. Mwina ndibwerere pakhonde paja Loweruka likudzali ndikamverenso.