Mmene ndinalembetsera ku gemeente ya Amsterdam mpaka kupeza BSN

Nditangofika ku Amsterdam m'dziko la Netherlands ndinazindikira msanga kuti kuno ngati ulibe adilesi ndiye kuti kulibe iweyo. Kubanki akufuna BSN (nambala yomwe boma limakudziwira nayo), kuntchito BSN, inshuwalansi ya kuchipatala BSN yomweyo, ndipo nambala ya madijiti 9 imeneyi imabwera ukalembetsa ku gemeente, khonsolo ya mzinda. Lamulo lake likuti ngati ukhala kupitirira miyezi 4 ulembetse pasanathe masiku 5 chifikireni, ndiye apointimenti pangani msangamsanga, pa intaneti kapena kuimba 14 020.

Ine vuto linayambira pa nyumba. Chipinda choyamba mwini wake anandiuza kuti khala, lipira, koma usakalembetse adilesi ino. Abale, chipinda chotero chithaweni ngakhale chikhale chotchipa bwanji, chifukwa ku ofesi amafuna kontrakiti ya lendi kapena fomu yosainidwa ndi mwini nyumba limodzi ndi fotokope ya ID yake. Amene anandipulumutsa ndi mayi ena a ku Ghana omwe ndinakumana nawo kutchalitchi ku Bijlmer, dera la ku Zuidoost kum'mwera chakum'mawa kwa mzinda, anangoti mwana wanga bwera kuno tikuonere pogona, mpaka ndinapeza kachipinda ku Zuidoost komweko. Dera limeneli ndi la anthu akuda ambiri, a ku Suriname, a ku Ghana, pamsika mumapezeka chinangwa, therere ndi nthochi zophika, kamtima kanakhalako pansi.

Apointimenti yanga inali ku Stadsloket (ofesi ya gemeente) ya Zuidoost pa Anton de Komplein. Ndinanyamula pasipoti, kontrakiti ija, kalata ya IND (a imigireshoni a kuno) yokhudza pemiti yanga, ndi satifiketi yobadwira yomwe ndinadinditsa apostille (chidindo chotsimikizira kuti pepala ndi lenileni kuti livomerezeke kunja) ndisananyamuke kumudzi. Chidindo chimenechi musachizengereze, kuchisaka muli kale kuno ndi mutu waukulu. Mumatenga kanambala pamashini, kudikira kaonekere pasikirini, kenako mafunso: unabadwira kuti, mayina a makolo, uli pabanja kapena ayi. Mphindi zochepa basi zatheka.

Chomwe chinandisokoneza masiku oyambirira nchakuti ndinkaganiza kuti poti Amsterdam ndi likulu ndiye maunduna onse ali pompano ngati ku Capital Hill. Ayi ndithu. Nyumba ya malamulo, maunduna ndi ma embase zonse zili ku Den Haag, Amsterdam ndi likulu chifukwa konsitityushoni ikutero ndipo mfumu imalumbirira kuno mu tchalitchi cha Nieuwe Kerk pa bwalo la Dam. Ndiye boma lomwe ungakumane nalo tsiku ndi tsiku ndi gemeente yomweyi, makhansala 45 osankhidwa ndi anthu, koma meya sachita kumuvotera, amaikidwa ndi boma m'dzina la mfumu. Femke Halsema anakhala meya mu 2018, mayi woyamba kupatsidwa mpandowu.

Tsopano nkhani yomwe sindidzaiwala. Ife a ku Malawi timayenera kukayezetsa TB ku GGD (ofesi ya zaumoyo ya mzinda) pasanathe miyezi 3, kungojambula pachifuwa basi. Nditatuluka ndinati ndiyendeko wapansi, ndinatulukira mu Plantage Kerklaan pafupi ndi Artis kosungira nyama kuja, ndipo pakhoma lina pali chikwangwani cha chikumbutso. Nyumba imeneyo kale inali ya kaundula wa anthu a mumzinda, agogo ake a BRP, kaundula wa lero yemwe ndinali nditangolowamo ineyo. Nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse a Nazi ankagwiritsa ntchito kaundula wolembedwa mwadongosolo ameneyu kusaka Ayuda khomo ndi khomo, ndipo ambiri mwa Ayuda a mu Amsterdam omwe anatengedwa sanabwererenso. Usiku wa pa 27 March 1943 gulu lolimbana ndi a Nazi la Gerrit van der Veen ndi Willem Arondéus linavala ngati apolisi, kulowa, kumwaza makadi ndi kuyatsa moto. Ena mwa makadiwo anapsa koma ambiri anatsala, ndipo Arondéus ndi anzake 11 anawomberedwa pa 1 July chaka chomwecho. Ndinaima pamenepo kanthawi ndithu, mapepala anga ali m'chikwama, ine ndimasangalala kuti dzina langa lalowa mkaundula pomwe ena anafa pofuna kufufuta mayina mkaundula yemweyo.

Kalata ya BSN inabwera pa positi, ndiye dzina lanu mulimate pabokosi la makalata, langa ndinalemba pakapepala ndi selotepi. Kenako DigiD yolowera pa mawebusayiti a boma, yomwe nambala yake yachinsinsi nayonso imabwera pa positi patapita masiku ochepa, kenako akaunti ya kubanki. Mayi a ku Ghana aja nditawaonetsa kalatayo anaseka nkundiuza kuti ndikakwanitsa zaka 5 ndili ndi mapepala ndidzavotera nawo makhansala ngakhale pasipoti ikhale ya Malawi, kenako anandituma kumsika kukagula tsabola.