Ndinasochera pakati pa Simula ndi Smalltalk ku Oslo

Za mundege ndilibe nazo mawu, ndinangogona. Koma mukatera pa bwalo la ndege la Oslo, Gardermoen, musathamangire sitima yothamanga ya Flytoget ngati m'thumba muli mopepuka, sitima wamba ya Vy imakafikanso m'tauni momwemo ndipo mtengo wake ndi pafupifupi theka. Matikiti a metro gulani pa app ya Ruter. Ma kroner apepala omwe ndinavutikira kusintha ndinabwerera nawo, kumeneko chilichonse ndi khadi basi.

Ndinapitira msonkhano wa ma developer, koma tsiku lomaliza ndinati iyayi, ndikaoneko kumene zinayambira zinthu zimene zimandidyetsazi, kalembedwe ka mapulogalamu a kompyuta kogwiritsa ntchito ma class ndi ma object, komwe kanayamba ndi chilankhulo cha Simula. Ndinatsikira pa siteshoni ya Forskningsparken nkulowa mu Ole-Johan Dahls hus, nyumba yomwe University of Oslo imaphunzitsiramo za kompyuta. Foni inali itazima kale ndi kuzizira, batire ilipo ndithu koma kungothima, ndiye ndinayamba kuzungulira ngati nkhuku yodulidwa mutu kusaka holo ya Simula. Zipinda za mmenemo anazipatsa mayina a zilankhulo za kompyuta, ukadutsa Java ukupeza Python, uko Pascal, uku Smalltalk, munthu kusochera pakati pa mayina oti umawadziwa onse.

Mtsikana wina wophunzira pomwepo anandiona kuti bambo awa zawavuta, anandiperekeza mpaka pakhomo pa Simula. Kenako akuti mumapanga chani? Ndinayamba kufotokoza sisitimu yobwereketsa mabuku yomwe tikulemba mu Java, mawu kumangokolana, iye ndi wa Python ndipo nkhope imaonetseratu kuti sakunditsata. Anangotola maka nkupita pa bolodi ya m'chipinda china chomwe munalibe anthu. Anajambula bokosi nkuligawa patatu, pamwamba dzina la class (mtundu wa chinthu mu pulogalamu, monga Buku), pakati zomwe imasunga, pansi zomwe imachita. Bokosi lina pansi pake, mzere wokhala ndi katirayango kosadetsa kuloza kwa kholo, bokosi la pamwamba lija, kusonyeza kuti la pansi likutengera za kholo lake, yomwe ndi inheritance. Ine ndinamulanda maka uja nkukonza pamene analakwitsa, buku limodzi limakhala ndi makope ambiri ndipo chomwe munthu amabwereka ndi kope osati bukulo. Anafufuta ndi chala nkulemba 1 ku buku, kanyenyezi kotanthauza ambiri ku makope. Mphindi khumi zokha tinali titamvana zonse, palibe analemba code ngakhale mzere umodzi.

Nditaima pamenepo mpomwe zinandilowa bwino. Ma class, ma object (zinthu zenizeni zopangidwa kuchokera ku class) ndi inheritance anabwera ndi Simula 67, ntchito ya Ole-Johan Dahl, mwini dzina la nyumba ija, ndi Kristen Nygaard ku bungwe la kafukufuku la Norsk Regnesentral chapafupi pomwepo, Alan Kay anatengako maganizo popanga Smalltalk, Bjarne Stroustrup nkuwalowetsa mu C++. Dahl ndi Nygaard anapatsidwa Turing Award, mphoto yaikulu ya za kompyuta, ya 2001 ndipo onse anamwalira mu 2002. Mabokosi aja ndi nkhani ina, kale aliyense ankajambula mwake, Grady Booch ma class ake ankaoneka ngati timitambo, mpaka iye, James Rumbaugh ndi Ivar Jacobson atakumana ku kampani ya Rational nkupanga UML, njira imodzi yojambulira mapulogalamu, yomwe bungwe loika miyezo la OMG linavomereza mu 1997.

Chilungamo chake UML ine imanditopetsa, mitundu 14 ya ma diagram, ku ntchito timajambula pofuna kusangalatsa mabwana kenako code imasintha zojambula nkutsala zikunama. Koma ya pa bolodi ija, yofufuta ndi chala, sindingainyoze.

Ndinati ndimugulire khofi mtsikana uja, anakana kuti akuthamangira kalasi. Nditaona mtengo wa kapu imodzi ndinathokoza mumtima kuti wakana.