Ngolo ya bambo a kwa Ngabu

Lolemba m'mawa ndinapeza ngolo itaima pakhomo pa shedi yathu, gudumu lakumanzere litapendekeka. Mwini wake, bambo achikulire ochokera cha kwa Ngabu, anali atakhala pansi pa mtengo wa nimu chipewa chili pabondo, mdzukulu wawo akudyetsa ng'ombe kuseri kwa mpanda.

"Aphunzitsi, ndamva kuti ana anuwa amalumikiza zitsulo," anatero titapatsana moni. "Koma ngoloyi ndi imene ndimadyera. Asaphunzirirepo."

Ndinawauza zoona, kuti aphunzirirapo ndithu, koma ine ndidzakhala ndili pomwepo, ndipo ikadzathyokanso malo omwewo mlandu ndi wanga. Anakhala chete kanthawi, kenaka anati abwera Loweruka.

Ndimaphunzitsa kuwotcherera zitsulo pasukulu ina ya ntchito zamanja kuno ku Chikwawa. Chaka chino ndili ndi ophunzira 14, atatu mwa iwo atsikana. Ntchito zochokera kumudzi ngati imeneyi ndimazilandira ndi manja awiri, chifukwa ndinaona kalekale kuti tizidutswa tophunzirira timanamiza mwana. Amalumikiza tizitsulo tiwiri, ine n'kuyang'ana, n'kumupatsa malikisi, tizitsuloto n'kuponyedwa pakona. Palibe thumba la mapira lidzakwere pamenepo, palibe munthu adzabwere kudzadandaula. Koma ngolo ili ndi mwini wake amene akuwerenga masiku.

Tsiku limenelo makina sitinayatse n'komwe. Tinagadamitsa ngoloyo n'kuyamba kupala. Chitsulo chogwira ekiselo chinali chitang'aluka, ndipo wina anali atawotchererapo kale pamwamba pa dzimbiri ndi utoto. Ndinamenya kamodzi ndi hamala, chigamba chonse chinagwa ngati nkhanambo. Ndinachiyendetsa m'manja mwa aliyense kuti aone timabowo tam'kati mwake, tofanana ndi chisa cha chiswe. Kunja chinkaoneka chokongola ndithu.

Mwezi wa Okutobala kuno timayamba 6 koloko m'mawa. Ikamakwana 11 kutentha kumakhala kutafika madigiri 40 kapena kupitirira, chitsulo chosiyidwa padzuwa sichigwirika, ndipo munthu wovala ovolosi ndi magolovesi achikopa amangotuluka thukuta lolowa m'maso. Masana ndi nthawi ya bolodi ndi choko.

Lachiwiri linali la kuyeza. Felemu ya ngoloyo inali itapotoka, choncho ndinawaonetsa njira yodziwira ngati kona ili yowongoka: masentimita 30 mbali iyi, 40 mbali inayo, ndipo kuchokera nsonga kufika nsonga payenera kukwana 50. Mnyamata wina amene anakhoza bwino MSCE anadumphira kuti limenelo ndi lamulo la masamu la Pythagoras, ndipo sananame. Koma nditamupatsa tepi, timizere ta mamilimita tinamusokoneza. Amene anayeza molondola koyamba ndi mtsikana wa ku Makhanga, kutsidya kwa Shire, amene sukulu inamuthera Folomu 2 madzi a namondwe wa Freddy atasesa kwawo mu Malichi 2023. Ndinamufunsa kumene anaphunzira tepi. Anati mayi ake ndi telala, wakhala akuwagwirira kuyambira ali wamng'ono.

Lachitatu magetsi kunalibe. Kale tsiku lotere ndinkaliona lotayika, koma masiku ano ndimalisungira phunziro limene ambiri amalipeputsa, la kutchula mtengo wa ntchito. Ndinawauza kuti aliyense alembe ndalama zimene akanawauza bambo aja. Ena analemba mtengo wa chitsulo chokha. Ena anawonjezera ndodo zowotcherera. Tinayamba kuwerengera limodzi: ndodo zingati za mamilimita 3.2, madisiki angati a girayinda odulira ndi opalira, mayunitsi a magetsi, utoto, ndi ndalama yokweza chitsulo kuchokera ku Blantyre kutsika nacho phiri lija mpaka ku Thabwa. Titamaliza ndinafunsa chimene chatsala. Onse anangoti zii. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anali atalembapo tsiku lake, thukuta lake.

Zimenezi zimandipweteka, chifukwa ndi zimene zimatseka mashopu a ana athu. Ndaona anyamata a manja abwino akutsegula pamsika, maoda a mawindo ndi mageti ali mbwee, koma pakatha miyezi isanu ndi umodzi makina agulitsidwa. Kasitomala amapereka theka, mnyamata n'kudyapo, chitsulo n'kukwera mtengo, ntchito n'kuima. Wachibale akabwera amachita manyazi kumutchulira mtengo. Choncho tinachita sewero: ine ndinakhala malume ofuna chitseko chaulere, iwo azindiyankha. Woyamba anangoseka n'kuvomera. Wachinayi ndiye anapeza mawu: "Amalume, dzanja langa ndikuchotserani pang'ono, koma chitsulo ndi ndodo ndi za eni sitolo." Ndinawauza onse kuti alembe mawu amenewo m'makope.

Lachinayi ndinakwera minibasi kupita ku Nchalo kukafuna malo a atachimenti, oti ophunzira akaphunzirireko ntchito kwa kanthawi. Ana onse amalota ntchito ya ku Illovo, kapena ya pa ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, imene ikutenga madzi ku Kapichira kuti idzathirire mahekitala oposa 40,000 mpaka cha ku Bangula. Malotowo ndi abwino, pakuti mapaipi, mageti a madzi ndi makina othirira zidzafuna owotcherera kwa zaka zambiri. Koma wolemba ntchito aliyense amafunsa kumene unagwirapo kale. Lamulo limene linakhazikitsa TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, mu 1999 ndi lomwe limachititsa olemba ntchito kupereka 1 peresenti ya ndalama za malipiro kuti ithandize maphunziro ngati athuwa, ndipo ndalamayo ndi yofunika. Chimene ndimapempha ine pamwamba pake ndi kamalo pabenchi. Pa malo asanu amene ndinalowa, atatu anakana. Ena anati mwana abwere ndi nsapato zake zachitetezo, zimene makolo ambiri kuno sangazikwanitse. Amene anavomera msanga ndi mmisiri wina wowotcherera pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu wa M1. "Achimwene, tumizani awiri," anatero, "koma asakhale oyang'ana foni."

Lachisanu ndinapeza mnyamata wa Pythagoras uja maso ali psuu, misozi ikungotsika, akuti akumva ngati muli mchenga. Ine ndili ku Nchalo magetsi anabwera, iwo n'kuyamba kuyeserera, ndipo iye ankasuzumira moto wopanda galasi. Tili ndi zipewa zowotcherera zisanu zokha pa anthu 14. Cholakwa chinali changa posiya kiyi wa makina. Ndinamutumiza kuchipatala ndi mnzake, kiyi n'kumuika m'thumba langa.

Kenaka tinawotcherera. Tinapala m'mphepete mwa mng'alu kuti pakhale kangalande koti chitsulo chosungunuka chilowe mpaka pansi, n'kugwiriza timadontho kumapeto kuti pasapotoke. Mzere woyamba ndinaupereka kwa mtsikana wa ku Makhanga. Ndodo inamata kawiri, dzanja likunjenjemera. Ndinakweza moto pang'ono n'kumuuza kuti asayang'ane kuwala, ayang'ane kadziwe kofiira kamene kakutsatira ndodo, ndipo amvetsere. Ukamawotcherera bwino pamamveka ngati nsomba ikukazingika m'mafuta. Kachitatu phokoso lija linabwera. Atagogoda, chikoko chakuda chinasendeka chokha, pansi pake mzere wosalala wa timafunde tofanana. Mizere yotsatira anagawana anzake, ndipo umodzi ndinaupalitsa wonse kuti aubwereze.

Bambo aja anafika Loweruka dzuwa lisanakwere. Anagwada n'kupapasa ndi chala malo onse, kenaka anamanga ng'ombe, natiuza kuti tikweze njerwa zimene zinali pakona pa mpanda. Anazungulira bwalo kawiri, akudutsa dala pamabampu. Atatsika anamasula kansalu n'kuwerenga ndalama, mtengo womwe ana anawerengera Lachitatu, thukuta lawo lili momwemo. Anafunsa amene anagwira pa ekiselo, ndipo ndinawalozera.

"Mwanangu, ndiwe?" anatero. "Kunyumba kuli pulawo yothyoka chogwirira, ndipo mvula yayandikira. Ungaithe?"

Mtsikanayo anayang'ana ine, ine ndinayang'ana kumbali. Anayankha yekha kuti aione kaye asanatchule mtengo.

Ndalamazo ndapempha akuluakulu a sukulu kuti tigulire zipewa zina ziwiri. Pulawo ibwera Lolemba.